Mlatho wa Mabawuti wa pa Katope

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzengereza. Za kusukulu ndi za ukwati wanga ndi amayi anu zinalembeka mosavuta. Izi ndi za ntchito. Iwe Tamanda, uli ku koleji unandifunsa ngati ndalama zimene dziko limaika ku usilikali zimakweza chuma kapena zimachibweza m'mbuyo. Ndinakuuza kuti ukafunse aphunzitsi ako. Sikuti yankho ndinalibe. Ndinali nalo, koma linali ndi dzina langa mkati. Muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuimbirana mafoni.

Chaka choyamba, Meyi: Kasungu boma

Ndinafika ku Kasungu pa lole yobwerera ku okushoni, nditakhala pa ziguduli zonunkha fodya. Ndinali nditagwira ntchito zaka ziwiri pa nyuzipepala ina ku Blantyre, pansi pa mkonzi wovuta, a Thawale. Lamulo lawo linali lalifupi: "Dzina, malo, tsiku. Chimene sunachione ndi maso, funsa anthu awiri. Ukalephera kufunsa, chisiye." Mawu oyamikira ankawapha ndi pensulo yofiira. Boma litandilemba kukhala mtolankhani wa m'dera lino, linandipatsa chipinda chimodzi, makina otayipira, kamera ndi njinga yamoto. Petulo wa mwezi ankatha sabata yachiwiri. Mapepala akasowa ndinkatayipa kuseri kwa makalata akale, ndipo riboni ikauma ndinkaidonthezera parafini. Ntchito yanga inali kulemba za chitukuko: mjigo ku Santhe, kalasi yatsopano ku Lisasadzi, tsiku la alimi ku Simlemba.

Mmenemo ndinaphunzira kalendala ya fodya, imene ndi kalendala yeniyeni ya Kasungu. Nazale amafesa Ogasiti akamatha kapena Sepitembala. Mvula ikagwa amawokera. Januwale ndi Febuluwale masamba amakhala akusokedwa n'kupachikidwa m'zigafa. Kenako kusankha, kudinda mabelo pa jeke, ndipo Epulo akafika aliyense amafuna lole. Munthu akalakwitsa mwezi umodzi walakwitsa chaka.

Ndinaphunziranso za Katope. Ndi mtsinje waung'ono, wa magombe aatali ndi matope okakamira. M'chilimwe mwana amaudumpha. Kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Epulo ngolo siiwoloka bwino, lole ndiye ayi. Tsidya linalo nthaka ndi yabwino kuposa ya kuno, koma anthu ankangolimako chimanga ndi mtedza, zinthu zotha kudikira kuti madzi aphwe. Fodya sadikira, ndipo sagwirizana ndi madzi. Komiti ya chitukuko inali ndi mndandanda wa milatho yofunika kumanga ndi simenti. Katope anali wachitatu. Ndikudziwa chifukwa mndandandawo ndinkautayipa ndine.

Chaka chachinayi, Juni: asilikali afika

Gulu la asilikali linapatsidwa malo ophunzirirapo tsidya la Katope. Kuti malole awo aziwoloka, anabwera ndi mlatho wawo. Ndinalipo masiku onse anayi. Zitsulo zinabwera zodulidwa kale, chilichonse chonyamulidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi. Ankazilumikiza ndi zikhomo ndi mabawuti, n'kumaukankha mlathowo pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inakagunda gombe linalo. Simenti inali kumapeto kuwiri kokha, pokhazika zitsulo. Tsiku lachinayi lole yodzaza matumba a ufa inawoloka, amayi n'kululutira. Mkulu wa kampuyo, munthu wamfupi waulemu amene tonse tinkangomutchula kuti a Meja, anandiuza kuti, "Jambulani bwino, a mtolankhani. Anzanu a simenti akanatha zaka zitatu."

Zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso, ndipo sindingazikane. Mwezi ukatha asilikali ankalandira malipiro, ndipo malipirowo ankatuluka pa geti. Pasanathe zaka ziwiri pamutu pa mlatho panali msika wa Lachitatu, chigayo, matelala awiri, wokonza njinga, ndi nyumba zogulitsiramo mowa zoposa zimene abusa akanafuna. Amayi a tomato ndi nkhuku sankayendanso mtunda. Chachikulu, fodya anawoloka. Zigafa zinamera tsidya linalo ngati bowa. Mmodzi mwa oyamba kupitako anali amalume anu a Gidiyoni, mlongo wawo wa amayi anu. Anabwereka munda waukulu kwa eni malo, anamanga zigafa zitatu, anagula jeke, n'kutsegula golosale ya malata moyang'anana ndi geti la kampu.

Zinalipo zina zimene ndinaziona koma sindinazilembe. Nkhuku inakwera mtengo moti aphunzitsi a m'deralo anasiya kuidya. Ufa, nyemba, nsapato ndi mafuta a kampu zonse zinkachokera ku tawuni pa malole awo omwe; kwa ife ankagula zokometsera chabe. Dizilo akavuta, yoyamba kupatsidwa inali kampu, ndipo giledala ya misewu inkatha miyezi itaima, udzu n'kumera pansi pake. Izi sizinali nkhani za chitukuko, choncho zinatsalira m'kabuku kanga ka m'thumba.

Chimene ndinalemba chinatuluka pa tsamba lachitatu, ndi chithunzi. Munali chiganizo ichi: "Vuto la mlatho pa Katope latha mpaka kalekale." Sindinafunse anthu awiri. Sindinafunse ngakhale mmodzi. A Thawale akanachipha ndi pensulo yofiira, koma a Thawale anali kutali. Pa msonkhano wotsatira wa komiti, wapampando anawerenga nkhani yangayo mokweza, n'kunena kuti, "Apa anzathu atithandiza. Timangirenji mlatho pamene pali mlatho?" Katope anachotsedwa pa mndandanda, simenti yake n'kupita kwina kumene kunalinso anthu ovutika. Palibe anachita zachinyengo. Mndandanda watsopanowo ndinautayipanso ndine.

Chaka chachisanu ndi chinayi, Ogasiti: zimene ndinamva

A Meja anandiitana Lachiwiri m'mawa. Anandipatsa tiyi m'kapu yachitsulo, n'kutseka chitseko. Anati kampu ikusamuka, ndipo akufuna ndidzajambule perete yotsanzika. Ndinafunsa mafunso a ntchito: liti, angati, adzalankhule ndani. Ndikutseka kabuku, funso lina linangotuluka lokha.

"Nanga mlatho mudzausiya m'manja mwa yani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mfuti adzasiyira yani. "Mlatho ndi katundu wathu, a mtolankhani. Uli m'buku limodzi ndi mahema ndi mapoto."

"Mukutanthauza kuti mudzauphwasula?"

"Tidzaumasula. Kuphwasula ndi kwina. Kumene tikupitako kulinso mtsinje."

"Liti?"

"Febuluwale akamatha."

"Bwana, nthawi imeneyo fodya amakhala ali m'zigafa."

A Meja sanali munthu wouma mtima. Ana a m'midzi ankalandira mankhwala pa chipatala cha kampu chifukwa cha iwo. Anati, "Ndinalemba kalata kupempha kuti tidikire Juni. Yankho labwera, ndipo ndi limenelo. Ine ndimalandira malamulo, sindipanga." Kenako anagogoda tebulo ndi chala. "Kayendedwe ka asilikali sikalengezedwa. Kunja kwa mpanda uno amene akudziwa ndinu nokha. Zikamveka ku msika, sindidzavutika kufufuza."

Ndinali nditasaina lumbiro losunga chinsinsi polowa ntchito. Masiku amenewo pakamwa pankatha kumuchotsera munthu ntchito, nyumba ya boma, ndi zina zoposa pamenepo. Inu munali anayi, wamng'ono akuyamwa.

Ndikuwoloka mlatho pobwerera, ndinaona anthu m'dambo akutentha mapesi pa mabedi a nazale. Kunatsala masabata atatu kuti afese. Akanadziwa nthawi imeneyo, akanabwerera ku chimanga ndi mtedza, osataya feteleza, mitengo ya zigafa ndi thukuta la chaka. Akadzadziwa Febuluwale, zikanakhala zopanda ntchito. Njira zinali zitatu: kukhala chete, kuuza onse, kapena kuuza mmodzi.

Ndinatha sabata ndisakudya bwino. Amayi anu anandipanikiza Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi, ndipo ndinawauza. Anaima pakati pa msewu.

"Ndiye achimwene?"

"Ndikauza a Gidiyoni, nanga enawo?"

"Enawo ali ndi alamu awo," anatero. "Inu mukufuna ana awa adzamve kuti bambo awo ankadziwa, n'kuwasiya amalume awo akugwera m'dzenje? Mudzapita bwanji kumudzi kwathu?"

Sindikuwaimba mlandu amayi anu. Ananena zimene mlongo aliyense akananena. Wosankha ndinali ine.

Lachinayi ndinawapeza a Gidiyoni m'dambo, atapinda buluku, akusalaza bedi ndi khasu.

"Alamu! Mwabwera kudzandijambula? Dikirani ndivale jekete, anthu a ku Blantyre angaone ngati ndine tenanti."

"Alamu, chaka chino musafese."

Anaseka. "Mwayamba ulangizi tsopano? Inu amene simudziwa kusiyanitsa fodya ndi mpiru?"

"Musafese tsidya lino. Musandifunse chifukwa. Ndipo ine sindinabwere kuno."

Anasiya kuseka. Anayang'ana ine, anayang'ana geti la kampu, kenako mlatho. Amalume anu sanapite patali ndi sukulu, koma pa zamalonda mutu wawo unkathamanga kuposa wanga. Anapukuta manja pa buluku. "Mabawuti aja," anatero motsitsa mawu. "Ndinkadabwa kuti chifukwa chiyani amawathira girisi mwezi uliwonse."

Ndinabwerera ndikudziuza kuti ndapulumutsa banja limodzi popanda kupweteka wina. Ndinkaganiza kuti angosiya kulima. Sindinaganize kuti munthu wamalonda akadziwa kuti chinthu chitsika mtengo, sachisiya, amachigulitsa.

Chaka chomwecho, Sepitembala: a Nyirenda

Pasanathe masabata awiri, uthenga unabwera kuti ndipite ku golosale ndikachitire umboni. Ndinapeza a Gidiyoni atakhala ndi munthu wamtali, wa imvi, wovala chipewa cha nsalu. Anali a Nyirenda a ku Simlemba, olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka monga achitira anthu a kumeneko. Anagulitsa ng'ombe zawo zonse kupatula ziwiri za pa ngolo kuti agule golosale, zigafa ndi jeke, ndi kulowa m'munda uja. A Gidiyoni anawauza kuti akusamukira ku boma chifukwa cha msana.

"Monire, adada," anatero a Nyirenda, akundigwira dzanja ndi manja awiri. Anatulutsa m'thumba la jekete pepala lopindidwa, lachikasu ndi ukalamba. Inali nkhani yanga ija. "Ndinu munalemba izi, eti? Mwana wanga anandiwerengera zaka zapitazo, ine n'kusunga. Ndinati tsiku lina nanenso ndidzakalima kumeneko. Kwathu nthaka yatopa, adada. Ndiye ndifunse kwa mwini nkhani: mlatho uwu ngwokhalitsa nadi?"

A Gidiyoni ankayang'ana mashelefu. Kunja lole ya asilikali inali kuwoloka, matabwa a mlatho akulira. Ndikukumbukira kuti ndinawerenga mabotolo a mafuta ophikira pa shelefu, sindikudziwa chifukwa chake. Ndikanatha kunena kuti, "Dikirani kaye mwezi umodzi." Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndinati:

"Mwawerenga nokha, bambo."

"Yewo," anatero, akumwetulira. "Anthu a nyuzi sanama."

Ndinasaina pansi pa dzina lawo.

Chaka chakhumi, Febuluwale mpaka Meyi

Kumanga kunatenga masiku anayi. Kumasula kunatenga awiri. Chilengezo chinaperekedwa kutatsala sabata imodzi. Akuluakulu a m'deralo anapita kukadandaula, analandiridwa mwaulemu, n'kubwerera. Perete ndinaijambula. Ndinajambulanso sipanala yaikulu ikuzungulira pa bawuti loyamba, koma chithunzi chimenecho sindinachitumize. Anthu anaima magombe onse awiri akuonerera. Chitsulo chomaliza chikukwezedwa pa lole, mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Mwaiwala mtsinje, bwana! Nyamulani ndi mtsinje womwe!" Ena anaseka. Asilikali achinyamatawo sanadzutse mitu. Ambiri a iwo anali ana a alimi a fodya.

Mvula chaka chimenecho inachedwa kusiya. Njira yozungulira inali ulendo wa tsiku lathunthu pa ngolo, ndipo eni malole anakana kupitako. Mavenda anawoloka ndi masikelo awo, kugula fodya pa mtengo umene sindifuna kuulemba. Amene anakana mavenda anasenza mabelo pamutu, madzi ali m'chiuno. A Nyirenda anali ndi fodya wabwino kuposa onse, wamasamba aatali, wofiirira bwino. Alangizi ankabwera ndi alimi ena kudzamuona. Anadikira mpaka pakati pa Epulo, n'kuyesa kuwolotsa ndi ngolo. Gudumu linatitimira m'matope, ngolo inapendama, mabelo n'kugwera m'madzi. Ng'ombe imodzi inathyoka mwendo ndipo anaiphera pomwepo. Anamasula mabelo, anayanika, anadindanso. Ku okushoni anawabweza: fodya anali atachita chuku. Golosale inatsala yoyang'anana ndi geti lopanda mlonda. Pofika Juni chigayo chinali chitasamuka, matelala atapita, msika wa Lachitatu utatha.

Komiti inabwezera Katope pa mndandanda, koma kumapeto. Kutsogolo kwake kunali milatho ina yambiri imene inalowa m'zaka zimene ife tinkati tili nawo kale.

Mwezi wa Meyi a Nyirenda anabwera ku ofesi yanga pa njinga. Anali ataonda, jekete likulendewera. Ndinaganiza kuti adziwa, ndipo ndinamva ngati kupepukidwa. Anavula chipewa, anakhala pansi, n'kuyala pepala lija pa tebulo.

"Adada, nyuzi ikalakwitsa, simulemba kuti tinalakwitsa?"

"Timalemba."

"Ndiye lembani. Osati chifukwa cha ine, zanga zatha kale. Koma wina angawerenge izi n'kuchita ngati ine."

Ndinati ndilemba. Anatambasula dzanja n'kundigwira pa mkono.

"Musadandaule kwambiri, mwananga. Nkhope yanu yagwa. Inu munalemba zimene munaona. Ŵatipusika tose, atinamiza tonse, inu ndi ine. Ngakhale alamu anu, msana ndi umene unawapulumutsa."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinawaperekeza mpaka pa khomo, n'kuwagwirira njinga akukwera.

Kukonzako sindinakutumize. Ndinkaopa kuti wina angafunse kuti ndinadziwa liti.

Lero

Ndinagwira ntchito zaka zina zambiri, ku Kasungu konkuno ndi kwina, mpaka kupuma bwinobwino ndi wailesi ya mphatso. A Gidiyoni anatsegula sitolo pa boma ndipo inayenda. Nonse anayi mukudziwa amene ankakulipirirani sukulu ya sekondale malipiro anga akaperewera. Tsopano mwadziwa kumene sitoloyo inachokera. Iwo ndi ine sitinakambepo za nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. A Nyirenda anabwerera ku Simlemba, ndipo zaka zawo zomaliza anali kapitawo pa esiteti ya munthu wina. Maliro awo ndinawamva mochedwa. Kunena zoona, ndinawamva nthawi yabwino, koma sindinapite.

Tamanda, yankho la funso lako ndi ili, monga ndinalionera pa mtsinje umodzi; za maiko ena akudziwa ndi aphunzitsi ako. Ndalama za asilikali zinabweretsa msika, ndipo msikawo unali weniweni. Anthu anadya, ena anamanga nyumba za malata. Koma zonse zinali zomangirira ku chinthu chimene sichinabwerere ife, ndipo chitafunika kwina chinapita. Choipa kwambiri si chakuti mlatho unachoka. N'chakuti pamene unalipo, unatilepheretsa kumanga wathu. Dziko liyenera kukhala ndi asilikali, ndipo mlatho wawo uyenera kukhala ndi mabawuti. Ndiyo ntchito yake. Cholakwa chinali cha ife amene tinautchula kuti chitukuko.

Mwezi watha ndinakwera kabaza kupita ku Katope. Anthu anayala mitengo ya bulugama poti awolokerepo ndi njinga, lole siingayese. Zipilala ziwiri za simenti zija zilipo, mbuzi zimagonapo masana. Pa chipilala cha tsidya lino mabowo a zitsulo akuonekabe, odzaza madzi a mvula.

A Nyirenda ali ndi mwana wamkazi ku Simlemba, yemwe uja anawawerengera nkhani yanga. Ndafufuza, ndi mphunzitsi wopuma. Miyendo yanga siilolanso ulendo wotero, kapena mwina ndi mantha omwe aja. Mmodzi wa inu akamupatse tsamba ili. Musawonjezerepo mawu okometsa. Ndalilemba monga a Thawale anandiphunzitsira.

KUKONZA. Nyuzipepala inalemba kuti vuto la mlatho pa Katope latha mpaka kalekale. Izi sizinali zoona, ndipo wolembayo sanafunse aliyense. Mwezi wa Sepitembala, m'golosale ya pa Katope, a Nyirenda a ku Simlemba anafunsa wolembayo ngati mlathowo unali wokhalitsa. Iye ankadziwa kuti uchotsedwa mwezi wa Febuluwale. A Nyirenda ananamizidwa okha. Wolembayo sananamizidwe.